MANKHUSU A KU INDIA NDI VUTO LA KUDZIMBIDWA

Mau amene Mlembi wa Chigwirizano cha Amai analankhula pa tsiku la chikondwerero

 Ife a komiti tapatsidwa mphindi zowerengeka pa gawo la umoyo wa pa banja, ndipo nkhani imene tasankha ndi yochititsa manyazi pang'ono. Tipempha kuti mutikhululukire, pakuti titchula zinthu zimene sizitchulidwa pa gulu. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife amai ndife timayamba kumva pamene m'nyumba muli wodwala, tsono ndife oyenera kutsekula chitsekocho.

Nkhani yake ndi ya kudzimbidwa, ndiponso ya mankhusu ena ochokera ku India amene ayamba kufika m'nyumba zathu. Ana athu okhala ku Britain kapena ku Johannesburg akamva kuti agogo akuvutika m'mimba, amatumiza timapaketi kapena chitini cholembedwa kuti psyllium, pena ispaghula, pena isabgol. Maina ndi atatu koma chinthu chake nchimodzi. Agogo amalandira mphatsoyo ndi chimwemwe, koma malangizo ake ali m'Chingerezi, m'zilembo zing'onozing'ono. Ena amangoika m'kabati mpaka nthawi yake itapitirira. Ena amabwira wouma monga ana abwirira shuga, ndipo kutero nkoopsa ndithu. Chotero nkofunika kuti tidziwe chimene chili m'timapaketimo, mmene chimagwirira ntchito, ndi kamwedwe kake.

KUDZIMBIDWA NKUTANI?

Mau akuti kudzimbidwa ena amanena pamene munthu wadya mopyola muyeso pa ukwati. Ife tikunena za kulephera kudzithandiza bwino. Anthu sitifanana m'mimba. Wina amapita kuseri kawiri kapena katatu pa tsiku, wina kamodzi pa masiku awiri, ndipo onsewa ali bwino. Achipatala amati munthu wadzimbidwa ngati akupita kosakwana katatu pa mlungu, kapena ngati chimbudzi chake chili chouma ngati cha mbuzi, chotuluka movutikira ndi mopweteka.

Chiyambi chake ndi ichi. Chakudya chikatha kugayidwa, zotsala zake zimalowa m'matumbo aakulu, ndipo ntchito ya matumbo amenewa ndiyo kuyamwa madzi. Zotsalazo zikakhalitsa m'menemo zimanka ziuma monga mkute woiwalidwa pa thandala. Munthu akamadya zakudya zosalala zokhazokha, osamwa madzi okwanira, osayendayenda, kapenanso akamadzigwira pamene thupi lamuitana, vutoli silichedwa kumupeza.

Amene amavutika koposa ndi okalamba, amai apakati makamaka pamene akumwa mapiritsi oonjezera magazi a ku sikelo, amai amene angobereka kumene, odwala ogona nthawi yaitali, ndi ana a sukulu amene amaopa kulowa m'chimbudzi chauve. Munthu wodzimbidwa safuna kudya, mimba imamulemera, ndipo amakwiya msanga. Akamadzikakamiza tsiku ndi tsiku, mitsempha ya kumusi imatupa, ndipo umo ndimo amayambira matenda a mudzi. Apongozi athu angathe kupirira zotere chaka chonse osauza munthu, chifukwa cha ulemu.

CHOMERA CHAKE

Mankhusu tikunenawa amachokera ku kachomera kakafupi, kosapitirira m'bondo, ka masamba aatali owonda onga udzu. Ophunzira za zomera amakatcha Plantago ovata. Mbali yaikulu ya mankhusu onse ogulitsidwa pa dziko lapansi imachokera ku India, makamaka ku zigawo zouma za Rajasthan ndi Gujarat, ndipo msika waukulu wa mbeu imeneyi uli m'tauni ya Unjha ku Gujarat. Alimi amafesa m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, imene kwao ndi nyengo yozizira, nakolola m'Malichi kapena m'Epulo. Mlimi wa isabgol amaopa mvula ya pa nthawi yokolola monga ife tiopera mvula pamene nyemba zauma m'munda, pakuti njere zake zikanyowa zimafufuma nkuyoyokera pansi.

Njerezo ndi zazing'ono, zooneka ngati kabwato. Dzina lakuti isabgol linachokera ku chilankhulo cha ku Persia, ndipo tanthauzo lake ndi khutu la kavalo. Njere iliyonse yakutidwa ndi kakhungu kopyapyala koyera. Ku fakitale amapera njerezo pang'ono nkupeta, monga ife tikonola chimanga ndi kupeta gaga. Kusiyana kwake nkwakuti ife timasunga mphale nkupatsa nkhuku gaga, pamene iwo chimene akufuna ndi mankhusuwo, ndipo mtima wa njere umapita ku ziweto. Pa makilogalamu 4 a njere pamatuluka kilogalamu imodzi, kapena kupitirira pang'ono, ya mankhusu.

Amwenye akhala akumwa isabgol kuyambira kale lomwe, m'madzi, mu mkaka kapena m'chambiko. Ku America anayamba kugulitsa mankhusuwa m'masitolo a mankhwala m'chaka cha 1934 pa dzina lakuti Metamucil. Ku Britain madokotala amalembera odwala timapaketi totchedwa Fybogel.

MMENE AMAGWIRIRA NTCHITO

M'zakudya zonse zomera muli gawo lina limene mimba yathu siingathe kugaya. Achipatala amalitcha faiba. Faiba ali wa mitundu iwiri. Wina ndi wokhakhala, wonga gaga ndi mitsitsi ya m'masamba, amene amachulukitsa zotsala m'matumbo nazikankha kuti ziyende. Wina ndi woterera, amene akakumana ndi madzi amatelereka monga therere. Mankhusu a ku India ali m'gulu lachiwirili.

Mukathira sipuni yaing'ono ya mankhusu m'tambula ya madzi nkudikira mphindi zingapo, mudzaona madzi aja akulimba nkukhala ngati therere lopola. Chimene chachitika m'tambulamo ndicho chimachitikanso m'mimba. Mankhusuwo amagwira madzi ochuluka kopambana kulemera kwao, ndipo sawataya kufikira atafika ku mapeto a matumbo. Motero chimbudzi chimakhala chofewa ndi chochuluka, ndipo chimatuluka popanda kukakamiza. Mankhusuwa salowa m'magazi, ndipo sakwapula matumbo monga amachitira mafuta a nsatsi ndi mankhwala ena otsegula m'mimba mwamphamvu. Chifukwa cha ichi sagwira ntchito tsiku lomwelo ai. Kawirikawiri pamapita masiku awiri kapena atatu munthu asanaone kusintha. Wofuna zamsangamsanga angayese kuti wanamizidwa, nayamba kuonjezera muyeso, koma pafunika kudekha.

Palinso maubwino ena awiri. Therere limeneli likamadutsa m'matumbo limagwira ndulu nkutuluka nayo. Tsono chiwindi popanga ndulu ina chimatenga mafuta a m'magazi otchedwa cholesterol, ndipo mafutawo amatsikako. M'chaka cha 1998 bungwe la boma la America loyang'anira zakudya ndi mankhwala, la FDA, linalola kuti pa mapaketi pazilembedwa kuti mankhusuwa angathandize kuchepetsa chiopsezo cha matenda a mtima, ngati munthuyo wachepetsanso zakudya zonona. Ubwino wina ngwakuti amachedwetsa shuga wa m'chakudya kulowa m'magazi. Komabe timvetsetse apa. Mankhusuwa salowa m'malo mwa mapiritsi a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi. Ogulitsa ena amalengeza pa mafoni kuti ufa umenewu umatsuka m'thupi monse, umasungunula mimba yaikulu, ndipo umachiza nthenda iliyonse. Amenewo akufuna ndalama zanu.

KAMWEDWE KAKE

Apa tipempha kuti amene muli ndi pensulo mulembe.

Choyamba, madzi. Kapaketi kamodzi ka Fybogel kali ndi magalamu 3.5 a mankhusu, ndipo malangizo ake amati madzi asachepere mamililita 150. Pa zitini za ku America amalemba mamililita 240. Ife tingoti tambula yodzadza, ndipo mukamwanso ina pambuyo pake mwachita bwino. Madziwo akhale ozizira ndi aukhondo.

Chachiwiri, vundulani bwino ndipo imwani nthawi yomweyo, asanalimbe. Musabwire wouma, ngakhale pang'ono pokha. Mankhusu ouma amafufuma pa khosi kapena m'njira ya chakudya, ndipo angathe kutsamwitsa munthu.

Chachitatu, yambani ndi pang'ono. Muyeso wa munthu wamkulu ndi kapaketi kamodzi m'mawa ndi kena madzulo mutatha kudya, koma ndi bwino kuyamba kamodzi pa tsiku kwa masiku angapo. Masiku oyamba mimba imachita mpweya ndi kufufuma, ndipo zimenezi zimatha thupi likazolowera. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ngati mankhusu anu ali a m'chitini, tsatirani muyeso wolembedwa pa chitinicho, popeza ena amaperedwa mosalala, ena mokhakhala, ndipo sipuni yao silemera mofanana.

Chachinai, musamwe pamene mukupita kukagona. Pakhale nthawi yokhala tsonga ndi kuyendayenda mutamwa.

Chachisanu, musamwere pamodzi ndi mapiritsi ena, pakuti therere lija lingagwire mankhwalawo nkuwachedwetsa kulowa m'thupi. Siyanitsani ndi maola awiri. Amene mumamwa mapiritsi a tsiku ndi tsiku, monga a shuga, a mtima, a khunyu kapena ma ARV, yambani mwaonetsa paketiyo kwa adokotala kapena anamwino. Safunsa anadya phula.

Chachisanu ndi chimodzi, imwani madzi ambiri tsiku lonse. Mankhusu opanda madzi amaonjezera vuto limene anabwerera kudzathetsa.

AMENE SAYENERA KUMWA

Ife amai timayendera odwala m'makomo, ndipo chifundo chimatikakamiza kugawira anzathu chilichonse chimene chatithandiza. Apa tisamale. Munthu wovutika kumeza, monga amene anafa ziwalo mbali imodzi, asamwe. Wodwala wofooka amene sangathe kumaliza tambula ya madzi asamwe. Amene wadzimbidwa chifukwa cha mankhwala amphamvu oletsa ululu, monga morphine ndi codeine, mankhusu samukwanira, ndipo ku chipatala kuli mankhwala ena omuyenera. Mwana wosakwana zaka 6 asapatsidwe popanda mau a dokotala. Mai wapakati kapena woyamwitsa angathe kumwa, koma ayambe wafunsa ku sikelo. Alipo ena owerengeka amene thupi lao limadana ndi fumbi la mankhusuwa, ndipo amayetsemula, kuyabwa kapena kubanika. Otere aleke, ndipo ngati akubanika athamangire ku chipatala.

Mudzamva ena akunena kuti mankhusuwa amathandizanso wotsegula m'mimba. Nzoona kuti kwa munthu wamkulu wa m'mimba mosakhazikika amalimbitsako chimbudzi, popeza amagwira madzi. Koma mwana wotsegula m'mimba, kapena aliyense amene tikumuganizira kolera, chimene afunika ndi madzi a Thanzi ndi kupita ku chipatala msanga. Mankhusu sabwezera madzi ndi mchere zimene thupi lataya.

Pali zizindikiro zina zimene siziyenera kuchedwetsedwa ndi mankhwala a pa khomo. Ngati mimba yatupa ndipo ikupweteka kwambiri, munthu akusanza, osatulutsa ngakhale mpweya, mwina matumbo atsekeka kapena apotokola. Madokotala a opaleshoni m'maiko athu ano amakumana nalo vuto limeneli kawirikawiri, makamaka mwa abambo. Kumupatsa mankhusu munthu wotere kuli ngati kuthira mchenga mu mpopi wotsekeka. Musamupatse kanthu, pezani galimoto. Ndiponso ngati muona magazi m'chimbudzi, kapena chimbudzi chakuda ngati phula la mu mseu, kapena munthu akuwonda popanda chifukwa, kapena kapitidwe kake ka kuseri kasintha kwa milungu itatu, makamaka ngati wapitirira zaka 50, apite akayezedwe. Khansa ya m'matumbo imayamba motero, ndipo ikapezeka msanga imachizika.

CHIMENE DOKOTALA WINA ANAPHUNZIRA MU AFRICA

Tsopano tidzifunse: nchifukwa ninji anthu a m'maiko olemera amagula mankhusu ndi ndalama zao? Yankho lake linaonekera bwino mu ntchito ya dokotala wina wa opaleshoni, Denis Burkitt. Iye anabadwa ku Ireland m'chaka cha 1911, nagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, pa chipatala cha Mulago ku Kampala. Anatchuka poyamba chifukwa cha chotupa cha ana chimene lero chimadziwika ndi dzina lake, ndipo m'chaka cha 1961, pofufuza za chotupacho, anayenda pa galimoto m'zipatala za maiko ambiri, kuphatikizapo Nyasaland ndi Northern Rhodesia.

Atabwerera ku Britain anazindikira kuti matenda ena a m'matumbo amene anali ochuluka kumeneko anali osowa pakati pa anthu a m'midzi ya mu Africa. Iye ndi anzake sanachite manyazi, anayamba kuyeza chimbudzi cha anthu pa sikelo. M'chaka cha 1972 anasindikiza zimene anapeza. Anthu a m'midzi odya zakudya zosachotsa gaga amatulutsa magalamu oposa 400 pa tsiku, ndipo chakudya chimadutsa m'thupi mwao pa maola osakwana 40. Anthu a ku Britain odya buledi woyera ndi shuga wambiri amatulutsa magalamu ngati 100 okha, ndipo chakudya chimakhala m'thupi masiku atatu kapena kupitirira. M'chaka cha 1979 analemba buku lotchedwa Don't Forget Fibre in Your Diet, lochenjeza anthu a kwao kuti asaiwale faiba. Anamwalira m'chaka cha 1993.

Kafukufuku wa zaka zotsatira waonetsa kuti anthu odya faiba wambiri savutika kwambiri ndi matenda a mtima, a shuga ndi khansa ya m'matumbo poyerekeza ndi odya wochepa. M'chaka cha 2023 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza kuti munthu wamkulu azidya faiba wosachepera magalamu 25 pa tsiku wochokera m'zakudya zenizeni, pamodzi ndi masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400.

M'MPHIKA MWATHU

Amai anzathu, tiyeni tiwerengere limodzi. Kapaketi kamodzi ka mankhusu kamapereka faiba wokwana magalamu ngati 3. Kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi magalamu oposa 10. Ndiye kuti mbale ya nyemba ikuposa timapaketi titatu tochokera kutsidya kwa nyanja. Ufa wa mgaiwa wolemera magalamu 100 uli ndi magalamu ngati 7, pamene ufa woyera, umene takonola, kuviika ndi kutsuka, umatsala ndi wochepa kwambiri. Magwafa olemera magalamu 100 ali ndi magalamu ngati 5.

Tonse tidziwa mmene timauonera mgaiwa. Timati ndi nsima ya njala, ya ku sukulu yogonera komweko, yosayenera kuikira mlendo. M'tauni kadzutsa wasanduka buledi woyera ndi tiyi wa shuga wambiri, masana chipisi, madzulo nsima yoyera ndi kandiwo kochepa. Njira imene tikuyendayi ndi yomwe anayenda anthu aja amene lero akugula mankhusu m'chitini.

Sitikunena kuti mutaye ufa woyera, iai. Abambo kunyumba sangavomere. Koma mungathe kusakaniza mgaiwa ndi woyera, kapena kuphika mgaiwa masiku ena pa mlungu. Phala la m'mawa likhale la mgaiwa wothira nsinjiro. Chigumu chiphikidwe ndi mgaiwa. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama zisasowe, ndipo zidyedwe ndi makoko ake. Bonongwe, nkhwani, chisoso, khwanya ndi kholowa zikhale zodzadza mbale, osati zongokongoletsa. Therere lenilenilo nalo lili ndi faiba woterera uja. Mbatata, mapapaya, mango, masuku, masau ndi malambe, chilichonse pa nyengo yake, ana ndi agogo omwe adye. Zimenezi zimabwera ndi mavitamini ndi zomanga thupi, zimene m'mankhusu a ku India mulibe.

Chenjezo limodzi pa mgaiwa ndi ili: chimanga chake chikhale chouma bwino ndi chosankhidwa. Poizoni wa chuku amakhala kwambiri m'khungu la chimanga, chotero chimanga choola kapena chonunkha chuku chisapite ku chigayo. Ndiponso tisatenge gaga wa nkhuku nkumapatsa makanda poganiza kuti tikuwathandiza. Mimba ya mwana wamng'ono ifuna phala lopatsa mphamvu.

ZOPEMPHA ZATHU

Mankhusu a ku India ndi chinthu chabwino, ndipo ali ndi malo ake. Alipo agogo opanda mano amene sangathe kutafuna masamba, alipo amai amene angochira kumene ndipo akuopa ululu, alipo a matenda a mudzi amene asintha zakudya koma vuto likadalipo. Kwa otere, mankhusuwa ndi thandizo lofatsa, malinga amwedwe ndi madzi okwanira. Ngati papita masiku atatu osaona kusintha kulikonse, afunse ku chipatala.

Tsono tipempha zinthu zitatu. Pamene tipita kukazonda okalamba ndi odwala, tisangofunsa za mutu ndi miyendo. Mai mmodzi wachikulire atsalire pambuyo, afunse mwaulemu ndi motsitsa mau ngati kuseri kukuyenda bwino, pakuti iwo sadzayamba okha. Chachiwiri, amene tidziwa kuwerenga Chingerezi tiwerengere anzathu malangizo a pa mapaketi amene ana atumiza, ndipo tiwaonetse ndi tambula m'manja mmene ayenera kuvundulira. Chachitatu, aliyense wa ife akafika kunyumba ayang'ane m'dengu lake la ufa ndi m'mphika wake wa ndiwo, aone chimene angasinthe mlungu uno. Pafupi ndi mphasa ya agogo pasasowe chikho cha madzi akumwa.

 Amene muli ndi timapaketi kunyumba ndipo muli ndi mafunso, mutipeze pa tebulo la mlembi tikatha kudya.